Kodi HIV Imalowa Bwanji M'thupi? Mafunso a ku Kalingalinga

Mafunso awa amamveka pamzere wa pakiliniki ya Kalingalinga, kometera tsitsi ndiponso m'maminibasi opita kutauni.

Njira yoopsa kwambiri ndi iti?

Kuikidwa magazi okhala ndi kachilombo. Bungwe la CDC la ku America limati mwa anthu 10,000 oikidwa magazi otere, pafupifupi 9,250 amakatenga. N'chifukwa chake magazi asanafike kwa wodwala kuchipatala cha UTH amayamba apimidwa ndi Zambia National Blood Transfusion Service.

Nanga kugonana popanda kondomu?

Pamaulendo 10,000 ogonana ndi munthu amene ali ndi kachilombo koma sakumwa mankhwala, mkazi amatenga pamaulendo 8, mwamuna pamaulendo 4. Kugonana kotulukira chimbudzi n'koopsa kwambiri: kwa wolowedwayo chiwerengerocho chimafika 138. Kupatula kugonana, pobwerekana jakisoni wa mankhwala ozunguza bongo chiwerengerocho ndi 63.

Ndiye kuti kamodzi kokha palibe vuto?

Apa ndi pomwe ambiri amanamizika, ndipo zimandiwawa mtima. Ziwerengerozi n'zosakaniza anthu ambirimbiri, sizikunena za usiku wanu. Munthu amene wangotenga kumene kachilombo amakhala ndi kochuluka zedi m'magazi, pomwe thupi likuoneka la thanzi ndipo mwini wake sakudziwa kanthu. Zilonda za chindoko, ngakhalenso matenda a chinzonono, zimatsekulanso khomo. Komanso m'banja kapena pachibwenzi anthu sagonana kamodzi, maulendo amaunjikana chaka ndi chaka. Alipo amene anatenga tsiku loyamba lomwelo.

Mayi angapatsire mwana?

Inde, ali m'mimba, pobereka kapena poyamwitsa. Bungwe la WHO limati popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa 100 amatenga. Mayi akayamba sikelo msanga n'kumamwa ma ARV mosadumphitsa, ana otenga safika 5 mwa 100.

Nanga udzudzu, mbale ndi chimbudzi chogwiritsa ntchito nyumba zingapo zingapatsire?

Ayi ndithu. Musam'patulire m'bale wanu kapu yakeyake.

Chochepetsa ngozi n'chiyani?

Kondomu, mankhwala a PrEP oteteza amene alibe kachilombo, ndi mdulidwe, umene umachepetsa ngozi kwa mwamuna ndi magawo pafupifupi 60 mwa 100. Ndipo amene amamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso popima magazi sapatsira mnzake pogonana.

Kondomu ikang'ambika kapena munthu akagwiriridwa?

Thamangirani kukiliniki tsiku lomwelo mukapemphe mankhwala a PEP, oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi. Ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Zikachitika Lachisanu usiku, musadikire Lolemba.