Kodi Nsomba Yabwino Ndi Iti?

M'nkhani ino ndiunika mawu akuti "nsomba yabwino", pakuti tanthauzo lake limasintha malinga ndi cholinga cha wowedza.

Ku Alaska alendo amalipira ndalama zambiri kuti akawedze halibut, nsomba yaphanthiphanthi yokhala pansi pa nyanja, imene imatha kupitirira makilogalamu 100. Kwa iwo kuwedza ndi masewera, ndipo yabwino ndi yaikulu, yolimbana ndi chingwe. Komatu ikatopa kwambiri isanafe, asidi amachuluka m'minofu mwake, nyama n'kuyera ngati choko ndi kuuma ikaphikidwa. Chimene chasangalatsa wowedza chikhoza kukhumudwitsa wakudya.

Kwathu kwa Mlolo, m'boma la Nsanje, kusiyana kotereku kuliponso. Mcheni wa mu Shire, umene Angerezi amautcha tigerfish, owedza mwamasewera amautama chifukwa umalumpha ndi kukoka mwamphamvu. Koma amayi pamsika amaudandaula minga. Iwo amasankha mphende kapena mlamba wa m'dambo la Elephant Marsh. Amayang'ana ngati maso akuwala, amadina pamimba, amanunkhiza, kenako amafunsa mtengo.

Kuchigwa kuno dzuwa ndi laukali. Nsomba ya m'mamawa ikapanda kutumbulidwa n'kuwambidwa kapena kuthiridwa mchere, pofika madzulo yawola, ndipo msodzi wagwira ntchito pachabe.

Pomaliza, mlendo amati nsomba ndi yabwino idakali pambedza, pamene ife timadikira ifike m'mbale. Choncho womasulira mawuwa ayambe wafunsa kuti akulankhula ndani.