Kodi Diso la Kukongola Limaphunziridwa? Phunziro Locokera kwa Olemba Mapulogalamu a Kompyuta

Zolinga

Pakutha pa phunziro lino, tikhale okhoza:
1. kusiyanitsa mphatso yobadwa nayo ndi luso lophunzira;
2. kuchula malamulo anayi a kayalidwe ka tsamba;
3. kugwiritsa nchito malamulowo pokonza zipangizo zophunzitsira m'Cinyanja.

Gwero la funsoli

Pakati pa olemba mapulogalamu a kompyuta pali cikhulupiriro cakuti ena anabadwa ndi mutu wa masamu, ena ndi diso la zojambula, ndipo munthu sangakhale nazo zonse ziwiri. Wolemba pulogalamu akapanga cinthu cogwira bwino nchito koma cosaoneka bwino, amadziwiringula kuti iye si mmisiri wa zojambula. Mawu omwewa timawamva pakati pathu tikapemphedwa kukonza pepala la pakhoma kapena kabuku ka ana.

Nkhaniyi ikutikhudza cifukwa mabuku a m'zilankhulo zathu ndi ocepa. PEBIMO inayesa kuphunzitsa m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma. Kufikira lero, kawirikawiri mphunzitsi amapanga yekha zina mwa zimene ana amawerenga. Tsamba likayalidwa moipa, amene amalipira ndi mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi, amene akungoyamba kuzindikira zilembo.

Katswiri amene anabwerera ku zilembo

Donald Knuth, mphunzitsi wa sayansi ya makompyuta pa yunivesite ya Stanford, anali munthu wa masamu weniweni. Mu 1977 anaona masamba oyeserera a buku lake limene linkasindikizidwanso ndi makina atsopano, ndipo maonekedwe ake sanamukondweretse. Anaganiza zolemba yekha pulogalamu yoyalira mawu pa tsamba, imene anaicha TeX, ndi inanso yopangira zilembo, yochedwa Metafont. Ankayembekezera kumaliza m'miyezi yowerengeka, koma nchitoyo inamutengera zaka zoposa khumi.

Cimene cinamucedwetsa ndi cakuti anayenera kuphunzira kuona. Anafufuza masamba a mabuku akale osindikizidwa bwino, nayeza mipata ya pakati pa mawu ndi makulidwe a mizere ya zilembo. Cilembo S cinamuvuta kwambiri kotero kuti mu 1980 anafalitsa nkhani yonse yonena za cilembo cimodzico. Zilembo zake zoyamba sizinamukhutiritse, ndipo anazikonzanso motsatira uphungu wa amisiri a zilembo monga Hermann Zapf wa ku Germany. Lero TeX ndi cida cimene akatswiri a masamu m'maiko ambiri amalembera nkhani zawo.

Pamenepa tikuonapo zinthu zitatu: anayang'anitsitsa nchito za ena, anapanga mobwerezabwereza, ndipo analola kudzudzulidwa ndi odziwa. Palibe cimodzi mwa izi cimene munthu amabadwa naco. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuwerengera ndi kukongola

Kwathu kuno umboni sukusowa. Woluka licero amawerengera nsungwi zimene adutse pamwamba ndi zimene adutse pansi, ndipo maluwa a licerolo amacokera m'kuwerengerako. Katswiri wa masamu Paulus Gerdes anafufuza zikwama zoluka za ku Inhambane zochedwa sipatsi, nasonyeza kuti mapatani ake amatsata malamulo a masamu. Conco mutu wozolowera dongosolo, monga wa wolemba mapulogalamu, uli kale ndi theka la zimene kukongola kumafuna.

Malamulo anayi

Mu 1994 mayi Robin Williams anatulutsa buku la anthu osaphunzira zojambula, m'mene anasonkhanitsa malamulo anayi amene olemba mapulogalamu ambiri amayambira.

Loyamba ndi kuyandikanitsa. Zinthu zogwirizana zikhale pafupi, zosagwirizana zitalikirane. Mawu akuti "mbuzi" akagwera pakati pa cithunzi ca mbuzi ndi ca nkhuku, mwana amangolota kuti ndi a citi.

Laciwiri ndi kufoletsa. Cinthu ciliconse ciyambire pa mzere umodzi ndi cinzake. Tikalemba ba be bi bo bu, pansi pake ma me mi mo mu, zilembo za liwu zifole molunjika kucokera pamwamba kutsika pansi. Pamenepo diso la mwana limapeza lokha cimene casintha ndi cimene cakhala.

Lacitatu ndi kubwereza. Mutu wa tsamba, nambala yake ndi malo a cithunzi zikhale cimodzimodzi m'kabuku konse, kuti nzeru za mwana zithere pa kuwerenga.

Lacinayi ndi kusiyanitsa. Cimene tikuphunzitsa lero cioneke kwambiri kuposa zonse. Inki yacikasu pa pepala loyera imakongola tili pafupi, koma mwana wa kumbuyo saiona. M'cilankhulo cathu kacizindikiro kakang'ono kamasintha kamvekedwe: ng' ya ng'ombe si ng ya ngoma. Tikakalemba mofooka, taphunzitsa colakwika. Pa cifukwa cofanana ndi ici, bungwe la SIL International linapanga zilembo zochedwa Andika, zimene a ndi g wake amafanana ndi amene mwana amalemba pamanja.

Nanga luso lopeka zatsopano?

Wina anganene kuti malamulo amapereka tsamba laudongo cabe, pamene kupeka cinthu catsopano ndi nkhani ina. Pali coonadi pamenepa: si aliyense amene adzafike pa Zapf, monganso si woimba aliyense amene amatsogolera nyimbo. Komabe kupeka kuli ndi zizolowezi zimene zimaphunziridwa. Coyamba ndi kusunga m'mutu zitsanzo zambiri, pakuti catsopano kawirikawiri cimabadwa polumikiza zakale ziwiri. Caciwiri ndi kusakhutira ndi ganizo loyamba: tipange njira zisanu tisanasankhe imodzi. Cacitatu ndi kulandira malire. Susan Kare, amene anajambula tizithunzi ta kompyuta ya Macintosh ya 1984, anali wophunzira zaluso wosadziwa za makompyuta. Kacithunzi kalikonse kanayenera kukwana m'timabokosi 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, takuda ndi toyera basi, ndipo anayamba pojambula pa pepala la timabokosi. Iye anawoloka mtsinje womwewo kucokera tsidya linalo. Ifenso coko, makala ndi katoni ndiwo malire athu, ndipo satiletsa kupeka.

Yankho lathu ndi lakuti diso limaphunzitsika monga mmene khutu limaphunzirira cilankhulo: pomva zambiri, poyesa, ndi pokonzedwa. Ife amene tikukonzekera kuuza ana kuti aliyense angathe kuwerenga, sitingadzipatule pa lamulo lomweli.

Nchito

1. Awiriawiri, tengani tsamba limodzi la buku la kalasi yoyamba. Pezani pamene lamulo lililonse mwa anayi aja latsatidwa kapena laphwanyidwa.
2. Aliyense akonze mapepala atatu osiyana ophunzitsira ng' ndi ng. Apacikeni pakhoma, muime kumbuyo kwa kalasi, musankhe lowerengeka bwino, ndipo mufotokoze cifukwa cake.
3. Onetsani pepala losankhidwalo kwa ana asanu popanda kuwafotokozera kanthu. Lembani cimene aliyense wayamba kuloza, kenako konzaninso pepalalo.
4. Kambiranani: ndi amisiri ati a m'dera lanu, oluka, oumba kapena osema, amene mungawaitane kudzaona nchito yanu?