Phunziro 6: Nyumba Ndiyo Sukulu Yoyamba

SABATA MASANA

Werengani: Deut. 6:4-9, Eks. 12:24-27, Yoswa 4:1-7, Oweruza 2:7-11, Luka 2:41-52, 2 Tim. 1:5, 3:14, 15.

Vesi Loloweza: Deuteronomo 6:6, 7.

Mfundo Yaikulu: Chikhulupiriro sicholowa chamagazi. Mbadwo uliwonse uyenera kuchilandira kuchokera pakamwa ndi pa moyo wa mbadwo umene unautsogolera.

Buku la Oweruza litiuza chinthu choopsa. Yoswa ndi akulu anzake atamwalira, kunakula mbadwo umene sunamdziwe Yehova, kapena zimene anachitira Israyeli. Agogo awo anadya mana, makolo awo anaoloka Yordano pouma, koma iwo anagwadira Baala. Panangopita mbadwo umodzi wosaphunzitsidwa, ndipo zonse zinatayika. Sabata ino tiona m'mene mabanja a Ayuda ndi a Akhristu oyambirira ankalerera ana awo m'mawu a Mulungu.

TSIKU LOYAMBA: Lamulo kwa Makolo (Deut. 6:4-9)

Kodi mawu a Mulungu ayenera kukhala kuti poyamba, asanafike kwa mwana? Vesi 6.

Mose sanapereke ntchito iyi kwa ansembe, koma kwa makolo. Anatchula nthawi zinayi: pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona, ndi podzuka. Palibe mwa nthawi izi imene ili ya m'kalasi. Zonse ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku. Ayuda amatcha ndime iyi Shema, dzina lochokera ku liwu lake loyamba m'Chihebri lotanthauza kumva, ndipo amainena m'mawa ndi madzulo. Talmud, buku la ziphunzitso za arabi, imanena kuti mwana akangoyamba kulankhula, atate ake amphunzitse vesi loyamba la Shema. Koma tizindikire dongosolo la Mose: mawu ayambe akhazikika mumtima mwa kholo. Sitingathe kutungira mwana madzi m'chitsime chouma.

TSIKU LACHIWIRI: Mwana Akafunsa (Eks. 12:24-27; 13:14; Yoswa 4:1-7)

Mulungu anakonza chipembedzo cha Israyeli mwanjira yoti mwana aziona, azidabwa, ndipo azifunsa. Pa Paskha panali mwana wa nkhosa wootcha, mkate wopanda chotupitsa, ndi ndiwo zowawa. Ku Giligala kunaimikidwa miyala 12 yotengedwa pakati pa Yordano. Pa madyerero a misasa banja linkagona m'misasa masiku 7. Zonsezi zinali zodzutsa funso, ndipo kholo linayenera kukhala ndi yankho. Yankho lake silinali mndandanda wa zoletsa, koma mbiri ya chipulumutso: tinali akapolo, Yehova anatitulutsa. Ndiponso pakatha zaka 7 zilizonse chilamulo chinkawerengedwa pamaso pa mtundu wonse, ana ali pomwepo (Deut. 31:10-13).

Mwana wanu atakufunsani chifukwa chimene timasungira Sabata, kodi mungayambe ndi zoletsedwa, kapena ndi Mlengi ndi Mombolo?

TSIKU LACHITATU: Sunagoge ndi Sukulu (Luka 2:41-52, 4:16)

M'masiku a Yesu masunagoge anali atafala, ndipo Sabata lililonse chilamulo ndi aneneri zinkawerengedwa. Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda wa m'zaka za zana loyamba, ananena kuti anthu a mtundu wake ankaika maphunziro a ana patsogolo pa zina zonse. Talmud imayamikira mkulu wa ansembe Joshua ben Gamla, amene anali pa udindo cha m'ma A.D. 64, kuti ndiye analamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi mphunzitsi wa ana a zaka 6 kapena 7. Imafotokozanso chifukwa chake: mwana wamasiye, wopanda atate omphunzitsa, ankakula osadziwa chilamulo. Choncho sukulu sinadze kudzalanda ntchito ya makolo, koma kudzatola ana amene akanatsalira. Mishnah, imene inasonkhanitsidwa cha m'ma A.D. 200, imaika zaka 5 ngati msinkhu woyambira Malemba, ndi zaka 13 ngati msinkhu wosenza malamulo.

Yesu ali ndi zaka 12 anadabwitsa aphunzitsi m'Kachisi ndi mafunso ndi mayankho ake. Pambuyo pake anabwerera ku Nazarete namvera makolo ake.

TSIKU LACHINAYI: Loisi, Yunike ndi Timoteo (Mac. 16:1-3, 2 Tim. 1:5, 3:14, 15)

Timoteo anakulira m'dera la Lustra, kutali ndi Yerusalemu, pakati pa anthu opembedza mafano. Atate ake anali Mhelene. Komabe Paulo achitira umboni kuti Timoteo anadziwa Malemba kuyambira ukhanda, ndipo atchula maina a aphunzitsi ake: agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Malemba amene ankamphunzitsa anali a Chipangano Chakale, ndipo anawo ndiwo anamkonzera njira yolandirira Khristu.

Apa pali chilimbikitso kwa amayi amene amabwera okha ku tchalitchi ndi ana, ndi kwa agogo amene akulera zidzukulu. Kholo limodzi lokhulupirika si chinthu chochepa m'dzanja la Mulungu.

TSIKU LACHISANU: Mpingo Woyambirira (Aef. 6:1-4; Akol. 3:20, 21)

Paulo alankhula kwa ana mwachindunji m'makalata ake. Izi zisonyeza kuti ana ankakhala nawo pamene makalatawo ankawerengedwa m'nyumba zimene mpingo unkasonkhana. Achenjezanso atate kuti asaputa ana awo, kuopa kuti angataye mtima.

Mwambo uwu unapitirira atumwi atatha. Cha m'ma A.D. 96, Clement wa ku Roma analembera mpingo wa ku Korinto kuti ana alandire maleredwe a mwa Khristu. Eusebius alemba kuti Leonides, amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma A.D. 202, ankaloweza mwana wake Origen ndime za Malemba tsiku lililonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, John Chrysostom wa ku Antiokeya analangiza atate kusimbira mwana nkhani ya Kaini ndi Abele pa chakudya chamadzulo, tsiku lina kumpempha kuti aibwereze yekha, kenaka kupita naye ku tchalitchi kuti akasangalale poimva ikuwerengedwa, ataidziwa kale.

TSIKU LOKONZEKERA: Zolingalira

Sukulu ya Sabata imakhala ndi ana athu ola limodzi kapena awiri pa maola 168 a sabata yonse. Otsalawo ali m'manja mwathu. M'mera mpoyamba.

Mafunso Okambirana:

1. Kodi ndi zinthu ziti m'nyumba mwathu zimene zingachititse mwana kufunsa za Mulungu?

2. Kodi makolo amakhumudwitsa bwanji ana m'dzina la chipembedzo?

3. Ndani mumpingo mwathu amene akuphunzitsa ana opanda makolo okhulupirira?

Mwachidule: Mulungu anaika makolo kukhala aphunzitsi oyamba, ndipo mpingo ndi wothandiza. Tiyeni tiyambe madzulo ano, polandira Sabata, ndi nkhani imodzi ya zimene Yehova anatichitira.