Kujambula muli pamwamba kwa Champiti: zoyenera ndi zosayenera

Kuno nyumba zosanja n'zosowa. Wofuna kujambula msika kapena msewu kuchokera pamwamba amadalira chulu, mwala wa m'mbali mwa phiri, mtengo wa mango kapena lole yoima.

Zoyenera: Yambani mwaonekera kwa anyakwawa kapena kwa atcheyamani a msika, munene chomwe mwabwerera. Mtengo ndi lole zili ndi eni ake, pemphani.
Zosayenera: Kungotulukira pa chulu, foni m'manja, osapereka moni. Mlendo wosuzumira anthu mwakachetechete amakayikitsa, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Zoyenera: Lawirirani. Dzuwa likangotuluka, zithunzithunzi za anthu zimatalika pansi, milu ya tomato ndi kabichi imaoneka mtundu wake, akabaza akutsitsa matumba a mbatatesi. Mvula ikakhala kuti yagwa dzulo lake, ndiye bwino koposa.
Zosayenera: Masana a mu Okutobala. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, ndipo pansi mungoona maambulera okhaokha.

Zoyenera: Yang'anani kaye komwe foni yaloza musanadine. Mabafa ambiri a m'midzi ndi a udzu, opanda denga. Anamangidwa kuti atchinge maso a munthu woyenda pansi, osati a munthu amene ali mumtengo. Kuseri kwa nyumba n'komwe amayi amasamba, amayanika zovala zamkati, amasamalira odwala. Mukaona kuti mpanda wa wina walowa m'chithunzi, tembenukani kapena tsikani.
Zosayenera: Kunena kuti "ndinali kutali, sanandione." Kusakuonaniko ndiye kulakwa kwakeko. Mitengo ya kumanda musaiyandikire n'komwe, ngakhale italike bwanji.

Zoyenera: Pukutani galasi la foni ndi nsalu, gwirani ndi manja awiri, dikirani mpaka ngolo kapena minibasi ilowe pomwe mukufuna.
Zosayenera: Kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chimangotuluka chambuu. Kukwera pafupi ndi mawaya a ESCOM. Kuloza foni pa rodibuloko ya apolisi.

Zoyenera: Mukatsika, aonetseni omwe mwawajambula. Wina akakana, fufutani pomwepo iye akuona.
Zosayenera: Kuponya pa Facebook kapena pa WhatsApp nkhope ya mwana wa eni, kapena ya bambo amene wagona pa khonde la golosale atakhuta kachasu. Mawa lake chithunzicho chikhala chili m'foni ya apongozi ake, ndipo mlandu wake mukauyankha nokha kubwalo.