Malangizo kwa Othamanga: Potsika Phiri la Mulanje

Inu amene mukukonzekera mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, tcherani khutu.

Ambiri amaopa chikweza cha ku Chambe, koma anthu amathanso kuvulala potsika kuchokera ku Lichenya. Mawondo amaphwanya, ntchafu zimanjenjemera, munthu n'kugwera pamiyala.

Potsika, pondani pafupipafupi. Musatalikitse mapazi, pondani pafupipafupi. Musapendekere kumbuyo, ndipo maso akhale pomwe phazi likukatera. Yambaninso kuyeserera kutsika masabata angapo mpikisano usanafike, mutavala nsapato zomwe mudzathamangire tsikulo. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza, chonde musaiyambire pa mpikisano.

Tibwereze: potsika, pondani pafupipafupi. Muthamange bwino.