Kusankha fosholo yokumbira pakhomo

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndiye mabanja ambiri amakumbiratu maenje nthaka idakali youma. Ena amakumbanso nkhuti za manyowa kapena chimbudzi chatsopano. Mafosholo ambiri amathyoka m'miyezi imeneyi, ndipo vuto limayambira pogula.

Fosholo yophwatalala kukamwa, yopindika m'mbali, imene amisiri amatapira mchenga kuthira mu wilibala, ntchito yake ndi kutapa basi. Mukaikakamiza kulowa m'katondo wa mu Okutobala ipindika tsiku lomwelo. Yokumbira imakhala yosongoka kutsogolo, yopapatiza pang'ono, yachitsulo chochindikala.

Mukafika pamsika kapena kusitolo ya zitsulo musagule ndi maso. Penti wowala amabisa ming'alu. Imikani fosholoyo pansi, muiponde, kenako mukokere mpini kwa inu. Ikamapindika ngati chitini, ibwezeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Yang'anitsitsani pakhosi, pamene mpini walowa m'chitsulo, chifukwa mphamvu yonse yotukula dothi imathera pamenepo. Khosi likhale lalitali, logwira mpini mothina, lokhomedwa ndi misomali iwiri yotulukira mbali inayo. Ngati ndi lowotcherera, chowotchereracho chiyende mzere umodzi wosadukiza. Chamadonthomadontho, chokhala ndi timabowo, sichipirira. Kenako gwirani m'mphepete mwa pamwamba, popondera phazi. Pafunika pakhale popinda, posalala. Ambiri kuno timakumba titavala patapata, ndipo chitsulo chakuthwa chimadula patapatayo n'kufika kuphazi.

Mpini wamtengo ukhale wowongoka, wopanda mfundo. Wachitsulo sudyedwa ndi chiswe, koma umalemera ndiponso umatentha padzuwa. Mpini waufupi wofika m'chiuno, wokhala ndi chogwirira kumapeto, ndi wabwino kwa munthu amene walowa m'dzenje, pomwe wautali umateteza msana pokumba ngalande zosazama. Ngati amene aziigwiritsa ntchito kwambiri ndi mayi kapena mnyamata wa pakhomopo, apite nawo kogulako akainyamule okha.

Nthaka nayo ili ndi mawu ake. Makande a ku Chikwawa ndi Nsanje akauma amalimba kwambiri, akanyowa amakanirira kuchitsulo. Pamenepo, ngakhalenso pa nsangalabwi, yambani ndi piki, fosholo ibwere pambuyo kudzatulutsa dothi lofewetsedwa kale. Musatukulire mwala ndi fosholo ngakhale ikhale yodula bwanji.

Ku Britain kuli anthu amene amayenda m'minda ndi makina ofufuzira zitsulo zokwiririka, kufunafuna ndalama zakalekale. Fosholo yawo ndi yaing'ono, yopapatiza, ina ili ndi mano ngati a sowo m'mbali odulira mizu. Amacheka udzu pamodzi ndi dothi lake, n'kuuchotsa wathunthu, akatha n'kuubwezera pomwepo. Fosholo yamtundu umenewo ndi yothandiza kwa ife pozula ana a nthochi kapena posamutsa mbande ndi dothi lake. Simukusowa kuifuna kutali. Wowotcherera zitsulo angathe kukudulirani m'mbali fosholo yakale kuti ipapatize.

Dzenje la mtengo wa zipatso likhale masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kuzama. Dothi lapamwamba liunjikeni mbali imodzi, lapansi mbali ina, kuti pokwirira muyambe ndi lapamwambalo mutalisakaniza ndi manyowa.

Mukaweruka, tsukani fosholo, iume, muipake oyilo wakutha wa galimoto kuti isachite dzimbiri. Ikabuntha inoleni ndi tupa mbali imodzi yokha. Isungeni m'nyumba mutaipachika, osati kuigoneka padothi pomwe chiswe chingapeze mpini. Ngati ndalama ikungokwanira fosholo imodzi, gulani yosongoka, chifukwa imeneyo imakumba komanso imatapa.