Makamera 1,934: phindu ndi halaal, nanga kulowerera pamzere?



Mu 2024 kampani ya Fujifilm ya ku Japan inakwanitsa zaka 90 chikhazikitsidwireni mu 1934. Pokumbukira zimenezi inapanga makamera apadera a X100VI okwana 1,934 okha padziko lonse, iliyonse ndi nambala yake. Ku America kamera wamba ya mtunduwu inali $1,599, yapaderayi $1,999, ndipo dzikolo linapatsidwa 300 basi. Ataikidwa pa intaneti sanachedwe kutha. Ena mwa ogulawo sanali anthu ayi, anali ma bot, timapulogalamu ta pakompyuta togula mwaliwiro kuposa chala cha munthu. Posakhalitsa makamerawo anayamba kutsatsidwa pa eBay pamtengo wowirikiza kangapo. Kampaniyo inafafaniza maoda okayikitsa n'kugawa makamera obwezedwawo pochita maere.

Funso langa ndi ili: chinyengo chili pati pamenepa?

Ambirife tithamangira mtengo. Koma ku madrasa tinaphunzira hadith ya Anas (radhiya Allahu anhu) yonena kuti zinthu zitakwera mtengo ku Madina, anthu anapempha Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) kuti aike mitengo, iye anakana poopa kupondereza wina. Ndiye kugulitsa chinthu chosowa pamtengo wokwera, wogula akudziwa ndipo wavomera, pakokha si haraam.

Ena ati ndi ihtikar, kubisa katundu kuti adule. Apa ma ulama anasiyana. Imam Shafi'i ndi Imam Abu Hanifa anaitengera pa chakudya, pomwe Abu Yusuf anati ndi chilichonse chomwe kuchibisa kuzunza anthu. Kamera yosunga ngati chikumbutso si chimanga. Palibe wagona ndi njala chifukwa choisowa.

Ine vuto ndikuliona pakagulidwe. Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) analetsa kukachingamira amalonda kunjira n'kuwagula katundu asanafike pamsika. Bot imachita zofananako: yafika kale msika usanatsegukire aliyense. Ndipo mwini katundu akanena kuti munthu mmodzi kamera imodzi, iwe n'kubwera ndi mayina khumi, limenelo ndi bodza basi. Msilamu amasunga zomwe wagwirizana. Kumbukirani wogulitsa chakudya uja anabisa chonyowa pansi, chouma pamwamba. Mtumiki anamuuza kuti wachinyengo sali mwa ife.

Nanga maere aja si juga? Ayi. Mu fiqh amatchedwa qur'a. Surah Al-Imran, ayah 44, ikutchula maere omwe anachitika pofuna wolera Maryam, ndipo Mtumiki ankachita maere pakati pa akazi ake pofuna wopita naye paulendo. Anthu akakhala ndi ufulu wofanana koma chinthu n'chochepa, maere amachotsa kukondera. Amasanduka juga pomwe walipira kuti ulowe, n'kutaya ndalamazo ukapanda kupata.

Enafe tili pasukulu uku tikuchita geni, kuoda ndi kugulitsa pa WhatsApp. Phindu ndi halaal, Alhamdulillah, osachita nalo manyazi. Koma usanawerenge phindulo dzifunse: katunduyu ndamupeza bwanji? Ndinaima pamzere ngati anzanga, kapena ndinagwiritsa mayina abodza? Wogula ndamuuza zoona, kapena ndamunamiza kuti watsala mmodzi pomwe katoni ili yodzadza?

Allah atipatse rizq ya halaal yokhala ndi baraka. Iye ndiye Wodziwa koposa.